Njere Zimene Bambo Anakana Kudya

Bambo anga anagwa m'munda wa mapira mwezi wa Febuluwale, khasu lili m'manja. Kuchipatala anati ndi BP, ndipo shuga nayenso anali atakwera. Anatuluka patatha masabata awiri, dzanja lamanzere litafooka, mwendo akuchita kuukoka. Adokotala anati akalimbikira adzayendanso, koma asiye shuga, achepetse mchere, ndipo azidya mokwanira. Pa malamulo atatuwo, awiri oyambawo bambo anawasunga mokwiya. Lachitatulo anangolisiya.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yophika pa nyumba ina yogona alendo ku Blantyre. Mayi anandiimbira foni mu Epulo. Iwo kwawo ndi ku Ndamera, ndipo nkhani ikawathina Chisena chimatuluka chokha. Sanachulukitse gaga m'diwa. Anati, "Abambo ako nkhabe kudya. Khasu lawonso apereka kwa aneba."

Zoti sakudyazo ndinazimva, koma chimene chinandikweza minibasi ndi khasulo. Munthu amene anadula nzimbe ku esiteti unyamata wake wonse, n'kubwera kudzalima kwathu ku Maseya osadumphitsa dzinja ngakhale limodzi, lero n'kupereka khasu? Ndinadziwa kuti ayamba kutsanzikana nafe, ndipo ndinachita mantha.

Ndisananyamuke ndinalowa m'sitolo n'kugula zinthu ziwiri: kachitini ka koko wopanda shuga ndi paketi imodzi ya njere za fulakisi. Kuntchito kwathu kuli phala lina limene alendo osamala za thanzi amalikonda m'mawa. Timapera fulakisi, n'kumusakaniza ndi ufa, koko ndi nthochi yakupsa. Limanunkhira chokoleti, limatsekemera popanda shuga, ndipo munthu amakhala nalo m'mimba mpaka masana. Potsika mapiri olowera ku Chikwawa, kutentha kwa kwathu kukundilandira pang'onopang'ono, ndinkadziuza kuti nkhaniyi ndikaithetsa tsiku limodzi. Ndinali wophikira alendo ine, wodziwa zinthu. Kudzimva kumeneku ndinabadwa nako, ndipo amati ndinatengera bambo omwewo.

Ndinawapeza atagona pamphasa pansi pa mtengo wa nimu, nkhope ataloza kukhoma. Malaya awo anali ngati obwereka. Tinalonjerana, n'kundifunsa za ulendo, koma maso awo sanali pa ine. Mayi anandinong'oneza kuti chiyambireni amangomwa tiyi wopanda kanthu, nsima mbamu ziwiri basi. Phala ndiye safuna n'kuliona komwe. Bambo anali munthu wa masipuni anayi a shuga m'kapu imodzi. Ankati iwo shuga anamudziwa akadali nzimbe, ndiye sangawachite chipongwe. Tsopano anali atawachita chipongwe, ndipo chakudya chilichonse chinkangoti zii m'kamwa mwawo.

M'mawa mwake ndinalawirira kukhitchini. Ufa wa mapira unalipo, nthochi zinalipo, mkaka mayi anali atapeza. Vuto linali fulakisi. Ku Blantyre timapera ndi makina amagetsi, kuno magetsi kulibe. Ndinayesa mumtondo, koma njere zake n'zosalala, zoterera, moti munsi ukagunda zinkangothawira m'mbali, zina kudumphira panja. Mayi anaima pakhomo akundiyang'ana.

"Nditsitse mphero?" anafunsa.

"Ayi, amayi, zimenezi sizofuna miyala. Ndikuzidziwa ine."

Ndinathira njerezo m'phala zosapera, masipuni awiri, n'kutakasa mpaka phala linakhuthala. Fungo la koko linadzaza bwalo lonse. Ndinapakula m'mbale yabwino ija ya alendo n'kukagwada pambali pa mphasa.

Bambo anadzuka movutikira n'kusuzumira m'mbalemo.

"Matope amenewa mwakatapa kuti?"

"Ndi phala la chokoleti, ababa. Talawani."

"Phala lakuda ngati madzi a Shire mvula itagwa kumtunda."

Komabe fungo linawagwira. Analawa sipuni imodzi, kenako yachiwiri. Mtima wanga unayamba kuvina. Pa yachitatu anaima. Anayendetsa lilime m'kamwa, n'kutulutsa kanthu ndi zala, n'kukaika pachikhatho. Inali njere imodzi ya fulakisi, yofiirira, yonyezimira. Anaipendeketsa padzuwa, n'kuiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene anandiyang'anira ine chifikireni.

"Ichi n'chiyani?"

"Fulakisi. Amathandiza mtima ndi m'mimba."

"Amalimidwa kuti?"

"Sindidziwa, ababa. Timangogula m'sitolo."

"Wophika wosadziwa munda wa chimene akuphika. Wabwera naye wochuluka bwanji?"

"Paketi imodzi."

Anaika sipuni pansi. "Ndiye mbewu yoti kuno kulibe, yabwera paketi imodzi yokha, iwe n'kuiika pamoto?"

"Si mbewu imeneyo, n'chakudya!"

"Ine mbewu sindidya, mwanawe," anatero, n'kukankha mbale.

Ndinapsa mtima koopsa. Ndinanyamula mbaleyo n'kukadya ndekha kuseri kwa khitchini, misozi ikulengeza. Ndinadya mwaukali, ndipo kunena zoona phalalo linali lokoma.

Nkhani ya mbewu kwathu si yamasewera. Bambo ali mwana kunagwa njala, ndipo makolo awo anadya mapira a mbewu. Mvula itabwera analibe chobzala. Agogo aamuna anayenda khomo ndi khomo kupempha mbewu, bambo ali pambuyo atanyamula kansengwa. Manyazi a tsiku limenelo sanawachoke. M'khitchini mwathu, pamwamba pa moto, pamapachikidwa chipanda chachikulu chimene amasungamo mbewu za chitowe, khobwe ndi maungu, zomangidwa m'tinsanza, kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Tili ana tinkadziwa kuti ukhoza kuswa mbale n'kukhululukidwa, koma osati kugwira chipandacho. Zonsezi ndinkazidziwa bwino. Kungoti sindinaganizepo kuti lamulo la chipanda lingafike mpaka pa paketi ya m'sitolo.

Tsiku lotsatira ndinati ndiyesenso, mwina adzakhala ataiwala. Nditabwera kotunga madzi ku mjigo ndinapisa m'chikwama changa. Koko analimo, fulakisi munalibe. Ndinakhuthula zonse pansi. Ndinayang'ana m'dengu, pansi pa bedi, ngakhale m'ndowa ya ufa. Mayi ankangosesa pabwalo, kusesa malo amodzi omwewo. Kenako china chake chinandiuza kuti ndikweze maso. M'chipanda muja munali kansanza katsopano, kong'ambidwa ku malaya akale a ku esiteti, komangidwa mfundo ziwiri.

Ndinatuluka nako m'manja.

"Amayi, inunso mukuthandiza zimenezi? Munthu akutha, ine ndabwera ndi chakudya choti chimuthandize, inu n'kukachipachika pa utsi?"

Mayi anaimika tsache. "Ine sindinagwireko."

"Nanga chakwera chokha?"

"Tawerenga mapazi kuchoka pa nimu paja kufika m'khitchini muno," anatero motsitsa mawu. "Abambo ako miyezi iwiri sanayendepo. Lero adzuka okha ndi ndodo, iwe uli ku mjigo. Ndimawaona pa zenera. Agwa kamodzi pakhomo apo, adzukanso. Chipandacho atsitsa ndi dzanja limodzi."

Ndinayang'ana ku nimu kuja. Bambo anali atagona monga mwa masiku onse, nkhope kukhoma, koma bondo lawo linali ndi fumbi. Ndinabwerera m'khitchini n'kukabweza kansanzako mmene ndinakapeza. Mkwiyo unali usanathe, koma unali utasowa pogwira.

Masana a tsiku lomwelo bambo anaitanitsa phale, dothi la pansi pa nthochi ndi madzi. Ndi mmene amayesera mbewu iliyonse yachilendo. Anawerenga njere makumi awiri, n'kuzitsindikiza m'dothimo ndi chala, mizere inayi, n'kuika phalelo pamthunzi pafupi ndi mutu wawo. Nkhuku ikayandikira ankaiopseza ndi ndodo. Ine mumtima ndinkati njere za m'sitolo, zoti zayenda m'magalimoto kaya m'sitima, zingamere bwanji? Ndinkadikira kuti zikanike kuti ndidzapeze ponena.

Tsiku lachisanu m'mawa ndinamva akuitana. "Iwe wa ku Blantyre! Tabwera udzaone chakudya chako."

M'phale muja munali timitu tobiriwira, tiwiritiwiri, towonda ngati ulusi. Anandiwerengetsa mokweza ngati mwana wa sitandade wani. Tinapeza khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

"Ukanaziphika zonsezi," anatero akupukusa mutu. Koma pakamwa pawo, mbali yabwino ija, panali kumwetulira. Kanali koyamba kuwaona akumwetulira chigwereni.

Unali mwezi wa Meyi, madzi ataphwera m'madimba, anthu akutsikira kumtsinje kukabzala chimanga ndi mbatata. Dimba lathu lili patali ndithu, munthu wabwinobwino amayenda theka la ola. Mayi anati akafesa okha pakona ina, pafupi ndi chitsime.

"Inu ayi," anatero bambo. "Inu mumafesa ngati mukudyetsa nkhuku."

"Ndiye akafese mwana wanuyu."

"Ameneyu akakazinga."

Apa m'pamene ndinaona mpata, ndipo sindinaulekerere. Ndinati, "Ndiye mupita nokha, ababa. Koma kudimba simungafike ndi mimba ya tiyi. Mukagwera m'njira, ndipo ine sindikunyamulani."

"Ndanena kale, mbewu sindidya."

"Chitowe chilipo chitini chathunthu," anatero mayi akuyang'ana kumbali. "Cha mbewu chili m'chipanda. Chimenechi n'chodya."

Bambo anakhala chete. Kwa iwo kukhala chete ndiye kuvomera.

M'mawa mwake mayi anatsitsa mphero, ndipo ulendo uno sindinatsutse. Anakazinga chitowe pamoto wochepa mpaka chinayamba kuthetheka, n'kuchipera pamwala mpaka chinachita noninoni. Ine ndinasungunula ufa wa mapira m'madzi ozizira, n'kuuthira m'madzi otentha ndikutakasa. Koko ndinayamba ndamusungunula m'kapu kuti asachite mibulu. Phala litapsa ndinaikamo chitowe chija, theka la nthochi yokanya ndi mkaka pang'ono. Mchere ndinangotsina.

Anadya theka la mbale, akudandaula sipuni iliyonse. Linali lowawira, linali lakuda, nthochi si shuga ndipo asanamizidwe ngati mwana. Ndinadziluma lilime, chinthu chimene sindichita kawirikawiri. Atamaliza anatenga ndodo n'kuyenda mpaka pa khola la mbuzi n'kubwerera. Mawa lake anafika ku mjigo. Sabata isanathe mbale inkabwera yopanda kanthu, ngakhale madandaulo sanachepe. Tsiku lina ndinachedwa kudzuka, ndipo ndinamva ndodo ikugogoda chitseko.

"Matope aja lero kulibe?"

Tinkayenda limodzi m'mawa uliwonse dzuwa lisanakwiye. Iwo patsogolo, ine pambuyo, manja ali chire kuti akapepesuka ndiwagwire. Akazindikira ankakalipa kuti sindine m'busa wawo. Tinafika pa tchalitchi, kenako pa mtengo wa masawu umene uli pakati pa njira. Pamenepo anakhala pansi thukuta lili kamukamu, mwendo ukunjenjemera, ndipo ndinaona kuti ataya mtima. Anati mwina mayi akangofesa basi. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Chabwino, nkhuku za kudimba zikondwa." Ananditukwana pang'ono n'kudzuka.

Tsiku loti mawa lake tikafika kudimba, anaitana mayi.

"Tapitani kwa aneba aja mukatenge khasu langa."

"Si munawapatsa inu?"

"Ndinangowabwereka. Ngati anamva zina, ndi makutu awo."

Mayi anapita akuseka, n'kubwera nalo atalinyamula paphewa ngati mfuti. Khasulo bambo sakanatha kulimira ndi dzanja limodzi. Bedi tinakonza ine ndi mayi, iwo ataliimika pambali pawo, akulamula. Koma kufesa anafesa okha. Anasakaniza njerezo ndi mchenga monga amachitira ndi chitowe, n'kugwada, n'kumawaza pang'onopang'ono m'timizere. Paketi yonse inathera pa bedi limodzi lotalika mapazi khumi ndi awiri.

Tchuthi changa chinatha ndipo ndinabwerera ku Blantyre. Ndinasiyira mayi koko ndi malangizo ambirimbiri, amene anawamvera theka. Foni zinayamba kubwera, koma tsopano woimba anali bambo. Moni ankapereka wachidule. Amatalika bwanji fulakisi ameneyu? Amafuna madzi ochuluka? Akakhwima amaoneka bwanji? Ine wodziwa zinthu uja ndinalibe yankho ngakhale limodzi. Ndinkachita kufufuza pa foni nthawi yopuma, n'kumawawerengera. Ankamvetsera, kenako n'kunena kuti amene analemba zimenezo sanafikepo ku Chikwawa.

Kumapeto kwa Julaye ndinapitanso. Ndinawapeza atanenepako, ndodo ikadalipo koma akuigwira mwaulemu chabe. M'mawa anandidzutsa kusanayere bwino. Phala anali ataphika mayi, lolimba kuposa langa, ndipo bambo anadya chiimire.

"Fulumira. Tikachedwa sukapeza kanthu."

Sindinamvetse mpaka titafika. Pakati pa chimanga ndi mbatata za anthu, bedi lathu linali litachita maluwa. Timaluwa ting'onoting'ono, tamtundu wa thambo, pa timitengo towonda tofika m'bondo. Amayi awiri a madimba oyandikana nafe anali ataima pamenepo, makhasu ali pansi. Mmodzi anayamikira m'Chisena kuti, "Pyadidi, baba," ndipo bambo anangogwedeza mutu ngati munthu amene wakhala akulima zimenezi moyo wake wonse.

"Amatsegula m'mawa," anandiuza. "Dzuwa likafika apa amayoyoka onse. Mawa kumabwera ena. Ndiye munthu sungagone."

Tinakhala pamenepo mpaka timaluwato tinayamba kugwa. Ndinasangalala kwambiri tsiku limenelo, moti sindinapeze choti nditsutse.

Sindinama kuti mbewuyo inachita bwino. Kutentha kwa kwathu sikuchitira chifundo mlendo. Mu Ogasiti mbali imodzi ya bedi inauma isanakhwime. Mbuzi za eni ake zinathyola mpanda waminga n'kudya pakona. Mbalame nazo zinatengapo gawo lawo. Bambo ankapita tsiku lililonse ndi kachitini kothirira, ndipo madzulo ankandiimbira kundiuza adani a tsikulo. Zotsalazo anazula mu Seputembala, n'kuziyanika pa chiguduli, n'kuzipuntha ndi kamtengo. Mayi anapeta. Atamaliza anandiitanitsa.

Ndinafika Loweruka masana. Lamulungu m'mawa bambo anakhala pampando pansi pa nimu, lichero lili pamiyendo. Zokolola zonse za miyezi inayi zinali makapu awiri ndi theka. Ndinaziyang'ana n'kuganiza kuti n'zongoposa pang'ono zimene ndinabwera nazo, koma ndinatseka pakamwa.

Anatenga kapu n'kuyeza. Kapu imodzi ndi theka anathira m'kansanza kaja ka malaya a ku esiteti, n'kumanga mfundo ziwiri, dzanja lamanzere likuthandizako pang'ono. Kapu yotsalayo anandipatsa.

"Iyi yaona nthaka yathu. Kaphike."

Mayi anali atatsuka kale mphero. Anakazinga njerezo pang'ono chabe kuti zisaterereke, n'kuzipera. Zinatuluka ufa wofiirira, wamafuta, wonunkhira ngati mtedza. Ndinaphika monga ndimaphikira alendo, koma mosamala ngati ndikuyesedwa ntchito. Ufa wa mapira, koko wosungunula m'kapu, theka la nthochi, mkaka. Fulakisi ndinamuika pomaliza, mphika nditauphula, masipuni awiri, n'kuvundikira kanthawi. Nditavundukula phala linali litagwirana, losalala, likutsatira chipande.

Bambo anatunga sipuni n'kuikweza, phala likundondomera.

"Tsopano mwaphika therere la chokoleti."

"Ndi mmene amachitira fulakisi akaperedwa, ababa."

Analawa. Anayendetsa lilime m'kamwa kufunafuna njere, osaipeza. Anadya osalankhula, ife awiri titaima ngati tikudikira chigamulo. Atafika pansi pa mbale anakokota ndi chala.

"Chitowe chimakoma kuposa," anatero.

Mayi anaseka mpaka anakhala pansi. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, pakuti yankho ndinali nalo, lakuthwa bwino. Koma bambo anali asanamalize. Anali akuyang'ana kansanza kaja, akukayeza kulemera m'dzanja.

"Kungoti ndinachedwa kufesa. Chaka cha mawa ndidzayamba msanga, madzi akangophwera, kutentha kusanafike. Ndidzapanga mabedi atatu. Chaka chinacho tidzagawirako amayi aja a kudimba, akhala akundipempha." Ananditambasulira kansanzako. "Kapachike m'chipanda. Usagwetse."

Moyo wanga wonse ndinali ndisanaloledwepo kugwira chipanda chimenecho. Ndinalowa m'khitchini, n'kuchitsitsa, n'kuika fulakisi pakati pa chitowe ndi khobwe. Ndinakhalamo nthawi yaitali kuposa imene ntchitoyo inkafuna. Mayi atasuzumira n'kuona nkhope yanga yanyowa, ndinawauza kuti ndi utsi, ngakhale moto unali utazima kale. Panja bambo anali akuitana kale, akufunsa ngati mumphika mwatsala kena kake.